KODI NYUMBA YA NSOMBA IMANGIDWIRA YANI?

Pakati pa zinthu zatsopano zimene wailesi ya kanema ndi mafoni a m'manja zafikitsa m'midzi ya m'boma la Chadiza pali zithunzi za anthu a maiko akutali amene asunga nsomba zamoyo m'nyumba zao kuti azingozipenya, osazidya. Azisunga m'mathanki a galasi odzala ndi madzi, amene Angerezi awacha aquarium. Munthu wa ku Chadiza, amene adziwa nsomba ya m'mono, ya pa msika ndi ya m'mbale, akaona zimenezi ayamba waseka, pambuyo pace azizwa; ndipo ana ace, kutaca, atsikira kumtsinje ndi botolo kukagwira matemba kuti naonso akhale ndi cao. Cotero nkhani iyi yafika kale pakhomo, ndipo idza ndi funso limene Mkristu ali yense woweta mbuzi, nkhunda kapena nsomba ayenera kuliyankha: munthu akamanga nyumba ya colengedwa camoyo, kodi aimangira colengedwaco kapena maso a alendo?

Zimene kanema anaonetsa

Kuyambira caka ca 2011 kufikira 2018, wailesi ya kanema ya ku America yochedwa Animal Planet inaonetsa pologalamu ya dzina lakuti Tanked. Akuru a m'pologalamuyo anali amuna awiri apacilamu, Wayde King ndi Brett Raymer, a kampani ya Acrylic Tank Manufacturing, mu mzinda wa Las Vegas, m'dziko louma la Nevada. Nchito yao inali kumanga mathanki a nsomba ndi pulasitiki yolimba yooneka ngati galasi. Anthu acuma ndi ochuka anadza kwa iwo, yense ndi cifuniro cace. Wina anafuna kuti nsomba zisambire m'kanyumba ka lamya, wina m'galimoto, wina kumutu kwa kama wogonapo. Ngakhale mpingo wina wa ku Dallas unamangitsa thanki lalikuru ndithu m'nyumba yace yopemphereramo.

Kayendedwe ka nkhanizo kanali kamodzi-modzi. Mwini cuma anena cimene afuna. Amisiri aceka, amata, akangana, aseka. Thanki linyamulidwa, lithiridwa madzi, nsomba za mawanga-mawanga ziikidwamo. Mwini ace aloledwa kupenya, naomba m'manja. Ndipo zonse zatha ola limodzi lisanakwane. Pologalamuyo inaleka, koma zidutswa zace zionekabe pa intaneti, ndipo ena ambiri atsanza macitidwe ace.

Amisiriwo anali aluso, ndipo mathanki ao ambiri anali akuru, okhala ndi makina osefa madzi obisika pansi kapena kuseri. Komabe anthu ozolowera kuweta nsomba za m'galasi anadandaula kawiri-kawiri pa zinthu zitatu: kuti maonekedwe a mathanki ena anasankhidwa posaganizira nsomba, kuti nsomba zinaculuka kopambana malo, ndi kuti wopenya anaphunzitsidwa kuyesa kuti madzi ndi nsomba zilowa m'thanki tsiku limodzi. Kuti wowerenga aweruze bwino madandaulo amenewa, ayenera kuyamba wadziwa zimene nsomba isowa.

Zimene nsomba isowa

Coyamba ndi mpweya. Nsomba ipuma mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo mpweyawo ulowa makamaka pamwamba, pamene madzi akomana ndi mphepo. Cifukwa cace madzi a m'beseni lotambalala alandira mpweya wambiri koposa madzi omwewo ali m'botolo la khosi lopapatiza. Thanki lalitali loimirira, longa kanyumba ka lamya, liri ndi madzi ambiri koma pakamwa pace mpang'ono, ndipo moyo wa nsomba zace utsamira pa makina. Magetsi akazima, mpweya ucepa msanga. Madzi ofunda asunganso mpweya wocepa koposa madzi ozizira. Amene anaonako maiwe otsala m'mtsinje wa Nsadzu mwezi wa October adziwa umo nsomba zibwerera pamwamba mbanda kuca, zitayasama kukamwa. Mlamba upirira cifukwa Mlengi anaupatsa ciwalo copumira mphepo yeni-yeni, koma nsomba zambiri ziribe mphatso imeneyo.

Caciwiri ndi madzi oyera, ndipo kuyera kwace sikuoneka ndi maso. Nsomba iturutsa m'thupi mwace zonyansa zochedwa amoniya, zimene ziri ululu kwa iyo yomwe. M'mtsinje madzi oyenda azicotsa. M'thanki azicotsa ndi tizilombo tating'ono tosaoneka, tokhala pa miyala ndi m'sefa, timene tisandutsa amoniya akhale cinthu cina, ndi cinaco cikhale cacitatu cosapweteka kwambiri, cimene mwini thanki acicepetsa posintha gawo la madzi nthawi ndi nthawi. Tizilomboti sitidza tsiku limodzi. M'thanki latsopano titenga masabata 4 kufikira 6 kuti ticuluke mokwanira, ngati woweta sanatengeko miyala kapena sefa wa m'thanki lakale. Munthu wothira nsomba zambiri m'madzi atsopano aziona zokondwa tsiku loyamba. Pa sabata laciwiri ziyamba kufa imodzi-imodzi, madzi ali mbee, iye osadziwa cimene cazipha.

Cacitatu ndi malo. Nsomba zambiri zisambira copingasa, ndipo kuya kwa thanki sikulowa m'malo mwa utali wace. Zisowanso pobisala, pakuti nsomba yosowa mphako ikhala ndi mantha usana ndi usiku, ndipo mantha aitsegulira khomo la nthenda. Nsomba zambiri ziribe zikope, cotero nyali yoyaka usiku wonse izimana mpumulo. M'mbali mwa thupi ziri ndi mzere umene zimvera nao kugwedezeka kwa madzi, ndipo ng'oma za m'nyumba ya mowa, kapena cala ca mwana cogogoda pa galasi, zizifika ngati cibvomezi.

Za kumva kuwawa, m'caka ca 2003 Lynne Sneddon ndi anzace ku Roslin Institute, pafupi ndi Edinburgh, anapeza kuti nsomba ya mtundu wa trout iri ndi mitsempha yozindikira kupweteka, ndi kuti ikabvulazidwa pa mlomo ileka kudya kanthawi ndi kukhuza mlomowo pa miyala. Anzeru atsutsanabe ngati nsomba imva monga amvera munthu, koma palibe wokana kuti nsomba yosungidwa moipa idwala ndi kufa msanga. Kansomba kofiira kochedwa goldfish, kamene anthu ambiri akasunga m'mbale yagalasi yozungulira ndi kukaona katafa miyezi yowerengeka, kakhoza kukhala zaka zoposa 10 m'madzi oyenera. Mu 2004 mzinda wa Monza ku Italy unaletsa kusunga nsombazi m'mbale zotere.

Nsomba za kwa anansi

Anthu a ku Chadiza asayese kuti nsomba za m'magalasi a ku Ulaya ndi ku America zonse nzacilendo. Zambiri makolo ao anacokera ku nyanja ya Malawi, nyanja yomweyo imene itumiza usipa wouma ku misika ya m'cigawo ca kum'mawa. Nyanjayo iri ndi mitundu ya nsomba yoculuka koposa nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mcere pa dziko lapansi. Pakati pa mitunduyo pali tinsomba ta m'miyala tochedwa mbuna, tobiriwira, tacikasu, tamizere-mizere, timene asodzi akale sanatiwerengere kwambiri. Geoffrey Fryer anaphunzira makhalidwe a mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. M'zaka za m'ma 1970 Stuart Grant anayamba kuzitumiza zamoyo ku maiko akutali kucokera m'boma la Salima. Ndipo mu 1980 boma la Malawi linapatula malo a ku Cape Maclear, kumene a Misyoni ya Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, kuti akhale nkhalango yosungira nsomba zimenezi. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawerenga malowo pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi.

Makhalidwe a mbuna aonetsa bwino cimene cikunenedwa pano. Mbuna zidya ndere za pa miyala. Yamphongo isankha mwala wace ndi mphako yace, ndipo ipitikitsa yamphongo ina iri yonse yoyandikira. Yaikazi ikaikira mazira iwatola ndi kuwafungatira m'kamwa monga masabata atatu, yosadya konse kapena kudya pang'ono, kufikira ana atakhwima. Madzi a kwao ngofunda ndi oyera, ndipo sasintha-sintha. Munthu akaika mbuna m'thanki lopapatiza lopanda miyala, yamphongo yamphamvu iyesa thanki lonse mwala wace, niluma zinzace zosowa kothawira kufikira zitafa. Wopenya aiyesa nsomba yoipa mtima, cikhalireco yacita monga mwa cibadwa cace, ndipo wolakwa ndi amene anaimangira nyumba asanafunse makhalidwe ace.

Cimene Mau a Mulungu aphunzitsa

Buku la Genesis lionetsa kuti Mulungu anayamba wakonza pokhala, pambuyo pace nalenga okhalamo. Nyanja zinasonkhanitsidwa tsiku lacitatu, ndipo nsomba zinalengedwa tsiku lacisanu, madzi ao ali okonzeka kale. Mdalitso woyamba wolembedwa m'Buku Lopatulika unaperekedwa kwa zamoyo za m'madzi ndi mbalame, munthu asanalengedwe. Ndipo pamene munthu anapatsidwa ulamuliro pa zolengedwa, nsomba ndizo zinachulidwa poyamba. Cotero nsomba ziri pansi pa dzanja la munthu ndithu. Koma anazilandira kwa Mwini wace, amene anazidalitsa iye kulibe.

Ulamuliro wotere ufanana ndi wa mfumu ya mudzi pa dziko la makolo. Mfumu igawa minda, iweruza mirandu, ilandira ulemu. Koma dziko siliri lace lakuti alisewere nalo, pakuti alisungira amene anapita ndi amene adzabadwa, ndipo pamwamba pace pali wamkuru amene adzaifunsa. Acewa a m'dziko la Mfumu Zingalume, Mfumu Mwangala ndi Mfumu Mlolo adziwa kuti mfumu yoyesa anthu ace zokometsera bwalo lace siikhalitsa ndi mudzi.

Cilamulo ca Mose cinafikitsa ciphunzitso cimeneci m'zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Cinapatsa ng'ombe ndi buru mpumulo wa Sabata pamodzi ndi mwini wao. Cinaletsa kumanga pakamwa ng'ombe iri pa nchito yopuntha dzinthu. Cinaletsa munthu wopeza cisa kutenga mbalame pamodzi ndi ana ace. Buku la Miyambo, pa mutu 12, liyesa cilungamo ca munthu popenya umo acitira ndi ziweto zace. Ndipo nyumba ya nyama imene mamangidwe ace afotokozedwa m'Buku Lopatulika ndiyo cingalawa ca Nowa, cimene cinayenera kukhala ndi zipinda, poloweramo kuunika, ndi cakudya cokwanira mitundu yonse. Miyeso yonseyo inali ya kusunga moyo; za kukongola kwace sizinachulidwe.

Mayankho kwa otsutsa

Wina adzati: nsomba ndi ndiwo, munthu aigwira ndi mbedza, aitumbula, aiyanika pa dzuwa, nanga kuisunga m'botolo kuipa kwace nkotani? Zoonadi kudya nsomba sikuli chimo. Ambuye Yesu anadyetsa makamu ndi mkate ndi nsomba, anaitana asodzi akhale ophunzira ace, ndipo atauka kwa akufa anadya nsomba yoocha pamaso pao. Koma msodzi apha kuti ana ace akhale ndi moyo, ndipo imfa ya nsombayo icitika kamodzi. Wosunga nsomba m'nyumba yosayenera aipha pang'ono-pang'ono masabata ambiri, ndipo palibe mimba ikhuta nayo. Ndiponso amene agwira colengedwa ndi kucitsekera walanda mphamvu yace ya kudzifunira cakudya, madzi ndi pothawira. Zonsezo tsopano ziri pa mutu pa iye. Mbuzi ya kuchire ikafa ndi ludzu palibe wofunsidwa, koma mbuzi yomangidwa pa cikhomo ikafa ndi ludzu mudzi wonse udziwa mwini cingwe.

Wina adzati: kodi kukonda zokongola nkulakwa? Iai. Solomo, mwa nzeru zimene anapatsidwa, analankhula za mitengo, za nyama, za mbalame ndi za nsomba zomwe. Nyumba yoyamba yoonetseramo anthu onse nsomba zamoyo inatsegulidwa ku London Zoo mu 1853, ndipo mmodzi wa amene anaithandiza, Philip Henry Gosse, amene anafalitsa dzina lija lakuti aquarium m'buku lace la mu 1854, anali Mkristu wolalikira Mau, wofuna kuti anthu aone nchito za Mlengi zobisika pansi pa madzi. Thanki lomangidwa bwino liri ngati zenera: mwana wa ku Chadiza, dziko lopanda nyanja, akhoza kuona mbuna ikufungatira ana m'kamwa, nalemekeza Iye amene anaiphunzitsa. Kusiyana kuli pa ici: m'thanki lotere cimene anthu adzera ndi nsomba, ndipo galasi liiwalika, m'kanyumba ka lamya kaja cimene anthu adzera ndi kucenjera kwa mmisiri ndi cuma ca mwini nyumba, ndipo nsomba zasanduka utoto. Zikafa zigulidwa zina, monga munthu asintha maluwa ofota.

Wina adzatinso: ngati thanki lacilendo liri ndi madzi okwanira, makina abwino ndi wolisamala, bvuto liri pati? Pamenepo bvuto palibe. Maonekedwe acilendo pa okha sali chimo, ndipo mmisiri wokhoza kukondweretsa maso popanda kumana nsomba kanthu ayenera kutamandidwa. Muyeso ndi uwu: pamene cofuna maso citsutsana ndi cosowa nsomba, cipambana nciti? Ngati thanki lapapatizidwa kuti lifanane ndi cinthu cina, ngati miyala yacotsedwa kuti nsomba zisabisale kwa alendo, ngati zathiridwa zambiri kuti cithunzi cidzale, pamenepo mwini nyumba wayankha kale funso lija, ngakhale sananene ndi pakamwa.

Cinyengo ca tsiku limodzi

Coopsa cacikuru ca kanema ciri pa zimene saonetsa. Aonetsa tsiku la cimwemwe, pamene madzi ali oyera ndi nsomba ziri zatsopano. Saonetsa mwezi wacitatu, pamene ndere zamera pa ngondya imene dzanja silifika, kapena munthu wosenza zidebe sabata ndi sabata, kapena ndalama za magetsi, kapena nsomba imene inagulidwa yaing'ono ndipo tsopano yakula kosatha kutembenuka. Makolo anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo anatinso kuona maso a nkhono nkudekha. Kuweta ciri conse ndi nchito ya kudekha, yobwereza-bwereza, yosaomberedwa m'manja. Koma kanema sakhoza kugulitsa kudekha, pakuti palibe amene angakhale pansi kupenya madzi akukhwima masabata 6.

Mtima wozolowera kuweruza zinthu ndi tsiku loyamba suima pa nsomba zokha. Ndi mtima womwewo umene ukonza ukwati wa tsiku limodzi ndi ngongole ya zaka zitatu, umene umanga cipinda ca alendo ca mipando yofewa pamene ana agona modontha, umene utenga mwana wamasiye kuti anthu aone nkumusandutsa wanchito. Ngakhale mpingo ukhoza kugwa m'menemo, pamene ukometsa nyumba yopemphereramo ndi kuiwala nkhalamba zosatha kufikako. Ambuye anadzudzula Afarisi pa kutsuka kunja kwa cikho, ndipo cidzudzulo cimeneco cifika pa nyumba iri yonse yomangidwira openya koposa okhalamo.

Zoyenera kucita

Mlimi wa ku Chadiza amene anakumba damu la nsomba m'dimba lace adziwa kale zambiri zimene kanema abisa. Ayamba wathira madzi ndi manyowa, nadikira kufikira madzi atabiriwira, ndipo pamenepo aikamo ana a nsomba, monga mwa ciwerengero cimene mlangizi wamuuza poyesa kukula kwa damu. Akaonjeza cifukwa ca umbombo akolola tinsomba topinimbira. Aziwazira gaga pa nthawi yace, ndipo m'mamawa apenya ngati zikuyasama pamwamba. Momwemonso womanga khola la nkhunda alikweza pa mitengo cifukwa ca zirombo, naika zipinda zoikiramo mazira ndi madzi akumwa pafupi, podziwa kuti nkhunda zosakondwa zisamukira kwa mnansi. Nkhunda iri ndi mapiko ocitira umboni. Nsomba ya m'galasi iribe kothawira, ndipo siilira. Cifukwa cace cikumbu mtima ca mwini ndico mboni yace yokha.

Potero kholo likapeza mwana ali ndi matemba m'botolo, lisamkalipire, pakuti cidwi cace pa zolengedwa ncabwino. Limlole apenye zipsepse ndi mamba ndi kapumidwe kace, limuuze cifukwa cimene nsomba sizikhala m'madzi ocepa osayenda, ndipo dzuwa lisanalowe apite onse awiri kukazibwezera kumtsinje. Mphunzitsi wofuna thanki m'sukulu, kapena mwini sitolo wofuna kukopa ogula, ayambe wafunsa mtundu wa nsomba, ukuru umene idzafika, cakudya cace, ndi amene adzasintha madzi pa masiku a chuthi ndi pamene magetsi azima; asankhe thanki lalitali copingasa ndi lotambalala, aikemo miyala, adikire masabata ace, ndipo nsomba zikhale zocepa. Akaona kuti sakhoza zimenezi, aleke, pakuti palibe lamulo lomkakamiza kuweta nsomba, koma akaziweta pali lamulo lomkakamiza kuzisamala. Ndipo amene aphunzira kucitira cifundo nsomba ya m'galasi sadzathira mankhwala m'dziwe kuti aphe zazikuru ndi zazing'ono zomwe, sadzakokera nsomba ndi neti yochingira udzudzu, ndipo adzasunga miyezi ya December, January ndi February imene boma la Zambia liletsa kusodza m'madzi ambiri kuti nsomba ziswane.

Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti kukhulupirika kwa munthu kuyesedwa pa zinthu zazing'ono, ndi kuti Atate saiwala ngakhale mpheta imodzi. Kansomba ka m'botolo ndi cimodzi ca zazing'onozo. Amene akamangira nyumba ayambe wafunsa cimene iko kasowa, ndipo zokondweretsa maso ace zidze pambuyo.